Tisawagwetse ulesi ana athu ofuna kuyendetsa ndege

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yafala m'magulu a WhatsApp kuno kuchigwa, akuti ntchito yoyendetsa ndege yatha basi, posachedwapa kompyuta izidzaulutsa ndege payokha ndiye mwana wofuna kudzakhala pailoti akungotaya nthawi. Zimandiwawa chifukwa ena onena zimenezi ndi makolo, ndipo mwana wa fomu 2 ku Ngabu kapena ku Bangula akamva mawu otere kuchokera kwa bambo ake masamu aja amangowataya pomwepo.

Kuti makina alowerera kwambiri mu ndege sindikukana ayi. Kale kutsogolo kwa ndege yaikulu kunkakhala anthu mpaka asanu, kaputeni, womuthandiza, injiniya, woona njira ndi wa wailesi, anthuwa anachoka mmodzimmodzi mpaka cha m'ma 1980 ndege zatsopano ngati Boeing 767 zinayamba kuyenda ndi awiri okha. Lero ndege ikakwera m'mwamba nthawi yambiri imagwiridwa ndi autopilot, kompyuta yomwe imayendetsa ndege yokha, ndipo mu 2020 a kampani yopanga ndege ya Airbus anaonetsa ndege ya A350 ikunyamuka ndi kutera yokha. Ku Ulaya anayesanso kuganiza zoti paulendo wautali pampando pazitsala pailoti mmodzi mnzake akugona, koma bungwe lawo loona za chitetezo cha ndege la EASA linanena mu 2025 kuti palibe umboni woti munthu mmodzi angateteze anthu mofanana ndi awiri. Mutu umodzi susenza denga, iwonso aona.

Nanga makinawo akasokonekera amagwira ndani? Mu June 2009 ndege ya Air France yochoka ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, timapaipi toyeza liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, autopilot inangodzichotsa n'kubwezera ndege m'manja mwa anthu usiku pakati pa nyanja, oyendetsawo anasokonezeka ndipo anthu 228 anafa. Chaka chomwecho mu January ku New York, mbalame zinalowa mu injini zonse ziwiri za ndege ina, kaputeni Chesley Sullenberger anaitsitsira pa mtsinje wa Hudson, anthu onse 155 anatuluka amoyo. Ine ndikamaganiza ngozi ziwirizi ndimaona kuti makina akamachuluka mpamene pakufunika munthu wophunzira bwino zedi, wodziwa kuulutsa ndi manja komanso womvetsa zomwe kompyutayo ikuchita. Ndipo musaiwale ya Ethiopian Airlines ya pa 10 March 2019 yomwe inapha anthu 157, pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa MCAS pa Boeing 737 MAX imakankhira mphuno ya ndege pansi chifukwa kachipangizo kamodzi kokha kamaipatsa uthenga wolakwika. Imeneyi si nkhani yakutali kwa ife, Ethiopian yomweyo ili ndi gawo la 49 peresenti mu Malawi Airlines.

Ife a ku Nsanje ndi Chikwawa ntchito ya pailoti timaidziwa ndi maso. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 madzi atazinga Makhanga misewu yonse itaduka, chakudya chimabwera pa helikopita, ikutera pa kamtunda kalikonse komwe katsala, matope mbali zonse, anthu akuthamangira, mphepo ikukuntha. Pamenepo panalibe bwalo la ndege ngati la Chileka kapena la Kamuzu, anali munthu akuyang'ana pansi n'kuganiza kuti apa ndingatere apa ayi.

Chomwe chikutsekereza ana athu si kompyuta, ndi ndalama. Ambiri ofuna laisensi yoyendetsa ndege za anthu amakaphunzira kunja, ku South Africa kapena ku Addis Ababa, fizi yake ndi mamiliyoni ankhaninkhani oti mlimi wa thonje kapena wodula nzimbe ku Nchalo sangawaone moyo wake wonse, ndiye ukamaliza uyeneranso kusonkhanitsa maola 1,500 ouluka usanaganize za ukaputeni. Koma zimatheka, Yolanda Kaunda ndi Mmalawi mnzathu, mayi woyamba wa dziko lino kufika pa ukaputeni, atsikana athu akuyenera kumva dzina limeneli m'kalasi.

Khomo lina latseguka kale. Mu 2017 ku Kasungu anatsegula malo oyesererako ma drone, tindege touluka popanda munthu mkati, ndipo mu 2020 UNICEF inathandiza kuyambitsa African Drone and Data Academy komwe achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa tindege topanda munthu. Timeneti tikhoza kujambula m'mene Shire ndi Ruo zikusefukira, kaya kunyamula mankhwala kupita ku East Bank nthawi ya mvula, ndipo nafenso tikufuna ana a konkuno akhale ogwira rimoti yake osati kungoonerera.

Ndiye pempho langa likupita kwa aphungu athu a kuchigwa kuno ndi unduna wa zamtengatenga. Ngongole za ophunzira zifike ndi kwa ofuna kuyendetsa kapena kukonza ndege, olo ana awiri atatu pachaka, adzabweze akayamba ntchito. Ma CDSS athu apatsidwe malabu ndi aphunzitsi a physics ndi Chingerezi poti pa wailesi ya ndege amayankhula Chingerezi. Komanso mapailoti athu akapeza mpata atsikeko Thabwa adzacheze ndi ana m'masukulu muno, ana awafunse okha mafunso awo.

Kholo lokhudzidwa,
Bangula, Nsanje