Kodi kiyi anauluka yekha kuchoka m'thumba?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndisanaphulike. Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 12, wagona m'chipatala mwendo uli m'chikhakha, atagubuduzika ndi njinga yamoto ya matayala anayi ija amati quad. Mwini njingayo, bambo wamkulu wandevu zake, anabwera kudzazonda matenda manja ali m'thumba, n'kutiuza kuti mwanayo anakwera yekha, iwo sanamukakamize.

Anakwera yekha, eti! Nanga kiyi uja anauluka yekha kuchoka m'thumba mwawo? Injini inadziliza yokha? Mnzake wa zaka 9 amene anamukweza kumbuyo anagwa kuchokera kumwamba? Bambowo anali chiimire pomwepo, foni m'manja, akujambula n'kumaseka. Lero akuti anakwera yekha. Mwana akapempha mpeni wakuthwa mumamupatsa chifukwa wapempha yekha?

Pa njingapo opanga anamatapo chenjezo: wosakwana zaka 16 asayendetse, osakweza munthu kumbuyo, osayenda nayo pa tala, osakwera opanda helimeti. Bambowa amapukuta chitsulo chawo mpaka mbee, nsalu imadutsa pa chenjezo lomwelo, koma maso ayi. Kapena zilembozo anaziyesa maluwa okongoletsera.

Mpando wautali uja si wa anthu awiri. Anautalikitsa kuti woyendetsa azisendera kutsogolo pokwera chitunda, kumbuyo potsetsereka, ndi kupendekera mkati pokhota. Thupi lake ndilo limaigwira njingayo kuti isagudubuke. Tsono kamwana kopyapyala kangapendeketse bwanji chitsulo cholemera makilogalamu oposa 200, kumbuyo kuli mnzake wakakamira malaya? Moto wakenso amawonjezera pokankha ndi chala chachikulu. Mwana akachita mantha amafinya chogwirira, chala chimakankha kwambiri, njinga n'kulumpha. Ndi zomwe zinachitika pa kamtsetse kaja. Njinga inamugwera pamwendo, ndipo panafunika amuna awiri kuti aidzutse. Ikadamugwera pachifuwa bwenzi ndikulemba zina.

Ku America, mu 1988, makampani anasiya kugulitsa njinga zotere za matayala atatu chifukwa cha ngozi. Ku Australia, kuyambira Okutobala 2021, zatsopano zogwirira ntchito zimagulitsidwa zili ndi chitsulo choteteza woyendetsa kuti isamupsinje ikagudubuka. Maboma athunthu akuiopa njingayi, koma bambo athuwa, akatswiri, anaona kuti ndi chidole cha ana.

Ndipo si iwo okha. Matenda ake ndi omwe aja a munthu wopereka kiyi wa galimoto kwa mnzake woledzera, kapena kwa mnyamata wopanda laisensi, kuti anthu amutame kuti ndi wopatsa. Chithunzi chikakongola pa Facebook chinthucho ndi chawo, dzina lawo pamwamba. Magazi akatuluka, mwini wake sapezeka, aliyense wasanduka wongodutsa.

Apolisi ndi inu opanga malamulo, musatiuze kuti zinachitikira pamalo a munthu ndiye sizikukukhudzani. Wobwereketsa njinga yotere kwa mwana kapena kwa munthu wosaphunzitsidwa aziyankha mlandu ngati anayendetsa yekha, alipire chipatala, ndipo njingayo ilandidwe. Ogulitsanso aziwerengera wogula chenjezo lija mokweza, asainire. Bambo aja ndawatumizira kale chithunzi cha chenjezo la pa njinga yawo yomwe. Foni ikuonetsa kuti anachiona, koma mpaka lero ali zii.

Malume wokwiya