Kalata Yothokoza Ofesi ya Crown Commercial Service Poika Poyera Ndalama Zogulira Mapulogalamu ndi Ntchito za Cloud

Kwa Akuluakulu,
Crown Commercial Service,
Liverpool.

Olemekezeka Akuluakulu,

Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni chifukwa choika poyera, pa intaneti, mndandanda wa ndalama zimene maunduna, makhonsolo, zipatala za NHS (bungwe la boma la zaumoyo) ndi nthambi zina za boma la Britain zimalipira makampani ogulitsa mapulogalamu a pakompyuta ndi ntchito za cloud kudzera mu G-Cloud. Cloud ndi kusunga zinthu ndi kuyendetsa mapulogalamu pamakompyuta a kampani ina kudzera pa intaneti, ndipo G-Cloud ndi dongosolo loguliramo ntchito zimenezi lomwe limayendetsedwa ndi ofesi yanu, yothandiza boma kugula katundu ndi ntchito. Ndine Mmalawi wokhala ku Manchester, ndipo ndimagwira ntchito pakampani yaing'ono ya anthu asanu ndi mmodzi, yomwe imakonza mapulogalamu othandiza makhonsolo kusunga kaundula wa nyumba za lendi. Ndailemba m'chinenero changa ndi kuiika pamene aliyense angaione, pofuna kuti abale anga olankhula Chichewa, amene amadulidwa msonkho mwezi ndi mwezi m'dziko muno, adziwe kuti ali ndi poonera kumene ndalama zawo zikupita.

Amene anayamba kale ntchito imeneyi amakumbukira mmene zinthu zinalili G-Cloud isanabwere. Makontrakiti a boma a zamakompyuta anali aakulu, a zaka zambirimbiri, ndipo ankagwera m'manja mwa makampani owerengeka okhaokha. Ntchito yokonza makompyuta a zipatala za NHS ku England, yomwe inayamba mu 2002 ndi kuimitsidwa mu 2011, inadya ndalama zimene komiti ya Nyumba ya Malamulo yolondoloza chuma cha boma inati mu 2013 zikuyandikira mapaundi 10 biliyoni, koma zambiri zomwe analonjeza sizinaoneke. G-Cloud itatsegulidwa mu February 2012, zinthu zitatu zinasintha pamodzi: makontrakiti anafupikitsidwa, mitengo ya wogulitsa aliyense inaikidwa poyera, ndipo malonda onse anayamba kulembedwa pamalo amodzi oti aliyense awerenge. Mu 2013 boma linalamula maunduna kuti aziyamba aganizira za cloud asanagule makina awoawo. Chaka chotsatira msika wa pa intaneti wa Digital Marketplace unalowa m'malo mwa CloudStore, msika woyamba wa G-Cloud, ndipo chaka chomwecho ofesi yanu inakhazikitsidwa.

Pakampani pathu ine ndi amene ndimalemba lipoti la malonda limene mumafuna kumayambiriro kwa mwezi uliwonse. Ndimalemba dzina la khonsolo yomwe yagula, ntchito yomwe tagwira ndi ndalama zomwe talipiritsa, ndipo ngakhale mwezi umene sitinagulitse kanthu lipotilo limayenera kupitabe. Pa ndalama zimenezo mumatengapo 0.75 peresenti yoyendetsera ntchito. Poyamba ndinkaona lipotili ngati katundu wongondisenzetsa, mpaka usiku wina, ana atagona, pamene ndinakopera pakompyuta yanga mndandanda wonse wa malonda a G-Cloud. Kompyutayo inachedwa kuutsegula chifukwa cha kuchuluka kwa mizere. Nditalemba dzina la kampani yathu pamalo ofufuzira, ndinapeza mizere yathu yowerengeka, iliyonse ili ndi wogula, mwezi ndi ndalama, monga mmene ndinalembera ndi manja anga. Ndinachotsa dzinalo, ndipo mizere yathu inabwerera pakati pa mizere ya makampani akuluakulu a Amazon Web Services ndi Capgemini, yolembedwa mofanana, popanda wamkulu wobisidwa kapena wamng'ono woiwalidwa. Usiku umenewo ndinazindikira kuti lipoti lomwe ndinkadandaula nalo ndi limene limachititsa kuti mndandandawo ukhalepo, ndipo kuyambira pamenepo ndimalilemba mosamala kwambiri.

Phindu lake kwa kampani yaing'ono ngati yathu ndi looneka ndi maso. Tisanakhazikitse mtengo wa pulogalamu yathu yatsopano, tinawerenga mitengo ya anzathu ogulitsa zofanana nazo, pamodzi ndi ndalama zomwe amalipiritsa pa tsiku limodzi la katswiri, popeza zonsezi zili poyera pa Digital Marketplace. Kenaka tinayang'ana m'mndandanda wa malonda kuti tione makhonsolo amene amaguladi zinthu zotere ndi ndalama zimene amatulutsa pachaka. Tinapeza kuti mtengo wathu tinauika pamwamba kwambiri poyerekeza ndi thumba la makhonsolo ang'onoang'ono, ndipo tinaugawa kuti khonsolo izilipira malinga ndi chiwerengero cha nyumba zake. Zonsezi tinazichita osadziwana ndi munthu aliyense wa m'kati mwa boma. Kwa munthu wobwera, amene alibe anzake a kusukulu m'maofesi akuluakulu kapena wachibale womutsina khutu, zimenezi si zazing'ono ayi.

Komabe chimene chandikakamiza kwambiri kulemba ndi udindo wanga ngati wokhoma msonkho. Mapulogalamu ndi cloud sizili ngati msewu kapena mlatho umene munthu angapite kukauona ngati wamangidwadi. Ndalama zimatuluka mwezi uliwonse mwakachetechete, ndipo zimakwera pamene zosungidwa zikuchuluka, moti popanda zolembedwa poyera palibe angadziwe kukula kwake. Chifukwa cha masamba a pa intaneti a Contracts Finder ndi Find a Tender, amene boma limalengezerapo makontrakiti ake, anthu anadziwa za kontrakiti ya pafupifupi mapaundi 450 miliyoni ya zaka zitatu imene unduna wa zam'dziko wa Home Office unapatsa Amazon Web Services kumapeto kwa 2023, ndi ya mapaundi 330 miliyoni imene NHS England inapatsa gulu lotsogozedwa ndi kampani ya mapulogalamu ya Palantir mu November chaka chomwecho. Kontrakiti ya Palantir itatulutsidwa koyamba, masamba ake ambiri anali odetsedwa kuti asawerengeke, ndipo anthu anakwanitsa kufunsa chifukwa chake popeza anali atadziwa kale kuti kontrakitiyo ilipo ndiponso mtengo wake. Bungwe loona za mpikisano pamalonda la Competition and Markets Authority, pomaliza kafukufuku wake mu July 2025, linapeza kuti Amazon Web Services ndi Microsoft aliyense ali ndi gawo lofika 30 mpaka 40 peresenti ya msika wa cloud m'dziko muno, ndipo linatchula ndalama zimene kasitomala amalipira potulutsa zinthu zake ngati chimodzi chomulepheretsa kusamuka. Boma likamadalira makampani awiri motere, ndi bwino kuti eni ndalama aziona okha mmene kudalirako kukukulira chaka ndi chaka, ndipo mndandanda wanu ndi umodzi mwa malo ochepa oonerapo zimenezi.

Kwathu ku Malawi tinaphunzira nkhani imeneyi mowawa. Mu 2013 zinaululika kuti ndalama zankhaninkhani zinatuluka m'boma kudzera mu IFMIS, pulogalamu yolipirira ndalama za boma, kupita kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, ndipo zolembedwa zake zinkafufutidwa pambuyo pake. Pamene akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly ankafufuza, madzi anali atatayika kale. Nthawi zambiri ndimadzifunsa kuti zikanakhala kuti malipiro onse ankaikidwa poyera mwezi ndi mwezi, kodi mtolankhani kapena kalaliki wina wamaso sakanaona dzina la kampani yosadziwika likubwerezedwa? Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito kwathuko mu September 2020, ndipo ndi chinthu chonyaditsa, koma wopempha ayenera kudziwa kaye choti afunse. Inu mumaika zinthu poyera munthu asanapemphe.

Ndili ndi pempho limodzi lochokera pa zomwe ndaona pogwiritsa ntchito mndandandawu. Mapulogalamu ambiri a makampani akuluakulu boma limagula kudzera mwa ogulitsa apakati, choncho dzina looneka pamzere ndi la wapakatiyo osati la mwini pulogalamu, ndipo wofuna kudziwa ndalama zonse zopita kwa mwiniyo amasokera. Nthawi zinanso kampani imodzi imalembedwa m'njira ziwiri kapena zitatu, zomwe zimapangitsa kuti kuphatikiza kukhale kovuta. Popeza lamulo la Procurement Act 2023, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 24 February 2025, likufuna kuti makontrakiti opitirira mapaundi 5 miliyoni azitulutsidwa poyera pamodzi ndi miyeso yoonera ngati wogulitsa akukwaniritsa lonjezo lake, ndikupempha kuti mzere uliwonse wa malonda uzikhala ndi nambala yolumikiza kontrakiti yake ndi dzina la mwini pulogalamu, kuti munthu azitha kulondola ndalama kuchokera kwa wogula mpaka kumene zathera.

Chonde mundiperekere kuthokoza kwanga kwa ogwira ntchito amene amalandira malipoti athu mwezi uliwonse, kuwayang'ana ndi kutikumbutsa tikalakwitsa. Tsiku lina mmodzi wa iwo anandilembera mwaulemu kuti ndinasokoneza mwezi pa mzere umodzi wa ndalama zochepa chabe, ndipo anadikira mpaka nditakonza.

Ine wanu mwaulemu,
Wokonza mapulogalamu a pakompyuta,
Manchester.