Mafuta onunkhira a zomera ndi amphamvu, tiwagwiritse ntchito mosamala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya mafuta onunkhira otchezedwa kuchokera ku maluwa, masamba, makungwa ndi mizu ya zomera, omwe akugulitsidwa m'timabotolo takuda uku akutamandidwa ngati mankhwala a nthenda iliyonse. Ineyo ndimawagwiritsa ntchito ndipo ndimawakonda, n'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikamva mabodza amene akunenedwa pa chinthu chabwino chotere.

Mayi anga atadwala nthawi yaitali, usiku unkawatalikira chifukwa cha nkhawa ndi kusowa tulo. Namwino wina anandilangiza kuti ndizidonthezera madontho 2 a mafuta a lavenda m'sipuni yaing'ono ya mafuta wamba opanda fungo, kenako n'kumawatikita manja ndi mapazi asanagone. Mpaka lero ndimakumbukira zala zawo zowonda, zimene zinkakhala chofumbata chifukwa cha ululu, zikutambasuka pang'onopang'ono, kupuma kwawo kukukhazikika mpaka tulo titawatenga. Nthenda yawo sinathe, ndipo namwinoyo sanalonjezepo zoti idzatha; chimene tinapeza ndi mpumulo wa maola angapo, ndipo aliyense amene anadwazikapo matenda akudziwa kuti mpumulo wotere ndi wamtengo wapatali.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Anthu a ku Iguputo ankafukiza lubani ndi mure m'akachisi awo ndiponso ankazigwiritsa ntchito pokonza mitembo, ngakhale kuti iwo ankangoviika zomera m'mafuta kuti fungo lilowerere. Luso lotcheza ndi nthunzi, lomwe limatipatsa mafuta amene tikuwadziwa lero, linakhwima pambuyo pake, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Ibn Sina, sing'anga wa ku Persia amene anamwalira mu 1037. Nthunzi imadutsa m'maluwa kapena m'masamba n'kunyamula mafuta, ikazizira imasanduka madzi, ndipo mafuta aja amayandama pamwamba. Mawu akuti aromatherapy, otanthauza kuthandiza odwala ndi mafuta onunkhira, anachokera kwa René-Maurice Gattefossé, katswiri wa mankhwala wa ku France, amene anapsa manja mu 1910 pamene zinthu zinaphulika m'chipinda chake chofufuziramo, ndipo mabala atayamba kuwola anawatsuka ndi mafuta a lavenda. Buku lake pa nkhaniyi linatuluka mu 1937, ndipo dokotala wa asilikali Jean Valnet anapitiriza ntchitoyi pothandiza ovulala kunkhondo.

Chimene ambiri sachiganizira ndi kuchuluka kwa zomera zimene zili m'kabotolo kamodzi. Kuti alimi a ku Bulgaria apeze kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi, amathyola maluwa oposa makilogalamu 3,000. Dontho limodzi, tsono, si fungo chabe ayi, koma ndi mphamvu ya mulu wa maluwa yopanikizidwa pamalo amodzi. Fungolo likalowa m'mphuno limafika mwachangu ku mbali ya ubongo imene imayang'anira mantha, chisangalalo ndi zikumbutso, ndipo ichi n'chifukwa chake kafungo kena kamatha kukhazika mtima pansi munthu asanazindikire n'komwe chimene chachitika. Mafuta a bulugamu amapangitsa munthu wachimfine kumva kuti mphuno zatseguka, a peppermint amaziziritsa khungu ndipo ena amawathandiza mutu ukamawawa, pomwe a tea tree, mtengo wa ku Australia, amalimbana ndi tizilombo tina ta pakhungu.

Mphamvu yomweyi ndi imene imavulaza anthu. Mphwanga anamva kwa wogulitsa wina kuti chilichonse chochokera ku zomera sichingapweteke munthu, ndiye anapaka mafuta a bergamot, chipatso chofanana ndi lalanje, pakhosi osawasakaniza ndi mafuta wamba n'kutuluka padzuwa. Pofika mawa lake khosi linali litatuluka matuza ngati wapsa ndi madzi otentha, ndipo chipsera chakuda chinatenga miyezi kuti chizimirire. Mafuta amenewo ali ndi mankhwala amene amachititsa khungu kupsa likakumana ndi dzuwa, koma pabotolo panalibe chenjezo lililonse. Zoopsa kwambiri ndi kumwa: sipuni yaing'ono imodzi ya mafuta a chomera chotchedwa wintergreen ili ndi mphamvu yofanana ndi mapiritsi a asipirini pafupifupi 20, zomwe zikhoza kupha mwana, ndipo mafuta a bulugamu amatha kukomola mwana ngakhale atamwa ochepa. Amayi oyembekezera, odwala mphumu komanso makolo a makanda ayenera kufunsa kaye achipatala, ndipo ndiwonjezere kuti ngakhale amphaka amadwala nawo chifukwa chiwindi chawo chimalephera kuwagaya.

Chimene chimandikwiyitsa koposa ndi kumva munthu akuuzidwa kuti asiye mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khansa chifukwa wapeza kabotolo konunkhira. Palibe mafuta amene amachiritsa matenda amenewa. Mu 2014 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza makampani ena akuluakulu chifukwa ogulitsa awo ankanena kuti mafutawa angathane ndi Ebola, koma malankhulidwe omwewo akadali ponseponse pa intaneti, ndipo amene amawakhulupirira kwambiri ndi anthu amene atopa ndi kudwala.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti mupereke danga m'nyuzipepala yanu kwa dokotala kapena katswiri wa mankhwala kuti afotokozere owerenga za kasakanizidwe koyenera, komanso kuti musalandire malonda aliwonse olonjeza machiritso amene mafutawa sangapereke. Ogulitsa nawonso alembe pabotolo lililonse dzina la chomera, muyeso woyenera, ndi chenjezo loti lisungidwe patali ndi ana.

Ndine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa