Tisamale posakaniza mankhwala a BP ndi ena

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze anzanga amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi a mtundu wa beta blocker, monga atenolol ndi propranolol, omwe amachititsa mtima kugunda mofatsa.

Mayi anga amamwa atenolol, koma mawondo akawawa ankatuma mdzukulu kukagula Brufen kapena Indocid pagolosale, osadziwa kuti mankhwala opha ululu amenewa amafooketsa mphamvu ya mankhwala a BP komanso amalemetsa impso. Tinazindikira mochedwa, BP yawo itakana kutsika.

Amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi odwala shuga obaya insulin kapena kumwa glibenclamide, makamaka abale athu osala kudya m'mwezi wa Ramadan kuno ku Mangochi. Shuga akatsika m'thupi, munthu amanjenjemera ndipo mtima umathamanga, koma beta blocker amabisa zizindikiro zimenezi, motero wodwalayo amangoona thukuta, kenaka n'kukomoka. Wodwala mphumu naye achenjere, chifukwa propranolol amafinya njira za mpweya n'kulepheretsa salbutamol, mankhwala a mphumu, kugwira ntchito. Mankhwala a mtima a verapamil kapena digoxin akaphatikizidwa ndi beta blocker, mtima ukhoza kugunda pang'onopang'ono mpaka munthu kugwa ndi chizungulire.

Ndikupempha kuti popita kuchipatala tizinyamula kabuku kathu ndi mapaketi onse, ngakhale a pagolosale, ndipo tisasiye beta blocker mwadzidzidzi popanda kuonana ndi adokotala.

Ine wanu,
Wosamalira wodwala,
Mangochi