Lipoti la msonkhano wokambirana za mankhwala a m'mapulasitiki ndi nsengwa

A Wapampando ndi azamba anzanga, ndikupereka lipoti la msonkhano womwe munandituma, ndipo ndikhazikika pa nkhani imodzi yomwe inandigwira mtima kwambiri.

Akatswiri anafotokoza za mankhwala awiri: BPA, yemwe amapezeka m'mapulasitiki olimba ndi m'kati mwa zitini za chakudya, komanso DEHP, yemwe amafewetsa machubu a diripi ndi matumba a magazi. Mankhwalawa amasokoneza mahomoni, ndipo BPA amanamiza thupi pochita ngati mahomoni achikazi otchedwa estrogen.

Chomwe chikutikhudza ife ndi nsengwa. Mimba ikangoyamba, maselo otchedwa trophoblast amalowerera m'chiberekero n'kutakasa mitsempha ya mayi kuti magazi azifika okwanira kwa mwana. Ofufuza akathira BPA pa maselowa mu labotale, kulowerera kuja kumasokonekera, ndiponso kapangidwe ka mahomoni osunga mimba, monga hCG ndi progesterone, kamasintha. Tonse tikudziwa kuti nsengwa ikapanda kuzika bwino, mayi amatha kudwala preeclampsia, matenda okweza BP pa nthawi ya mimba, mwana n'kubadwa wonyentchera. Komabe ndikupempheni kuti tisafulumire kuuza amayi kuti pulasitiki ndiye wawakwezera BP, chifukwa maselo a m'mbale ya labotale si mayi wamoyo, ndipo mlingo womwe ofufuza amathira nthawi zina umaposa womwe munthu amakumana nawo tsiku ndi tsiku.

Tinamvanso kuti mu 2021 madokotala a ku Rome anafalitsa zoti anapeza tizidutswa 12 ta pulasitiki mu nsengwa zinayi mwa zisanu ndi chimodzi zomwe anaziunika. Mayiko a mu European Union analetsa BPA m'mabotolo a ana mu 2011, ndipo mu 2024 anagwirizana zomuletsa m'zinthu zoikamo chakudya. Chokhumudwitsa n'chakuti BPS ndi BPF, omwe makampani amaika m'malo mwake, nawonso amachita ngati estrogen.

Kutentha kumafulumizitsa kutuluka kwa mankhwala otere. Nditamva izi ndinakumbukira osamalira odwala omwe amafika pawodi yathu atanyamula phala lotentha m'chigubu chakale, nsima atakulunga m'jumbo, nthunzi ikuchita tolotolo.

Pempho langa ndi lakuti pa sikelo ya amayi oyembekezera tizilangiza kuti chakudya chotentha chiziikidwa m'mbale zachitsulo kapena zadothi, ndipo komiti yathu ifunse ogula zipangizo ngati machubu opanda DEHP angapezeke a kuchipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, poti iwowo ndiwo amakhalitsa pa diripi.