Mng'alu wa khoma la sukulu yathu sufuna pulasitala

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za chipinda chophunziriramo pa sukulu ina ya pulayimale kwathu kuno ku Salima. Ndili m'komiti ya makolo, ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Chipindachi sichinakwanitse zaka zinayi chimangidwire, koma khoma lakumadzulo lili ndi mng'alu woyambira pangodya ya windo n'kutsika chopingasa. Tadandaula kawiri. Kawiri konseko kwabwera munthu ndi wilibala ya simenti, kumata, kupaka laimu, basi wapita. Mu Ogasiti ndinalemba ndi pensulo pamene mng'aluwo unalekezera. Pofika Novembala unali utadutsa chizindikirocho ndi zala zinayi.

Amene anaonererapo wogulitsa nsalu pa Kamuzu Road andimvetsa msanga. Nsalu yamphumphu simungaing'ambe ndi manja. Iye amangodula pang'ono m'mphepete ndi sizasi, kukoka kamodzi, yapita mpaka kumapeto. Mphamvu yonse yokokayo imasonkhana pansonga ya podulidwapo. N'chifukwa chake ife tikapeza chitsulo chang'aluka timayamba taboola kabowo pamene mng'alu wathera, kuti nsonga ibunthe, kenako n'kuwotcherera. Womata pulasitala amabisa nsongayo koma ili chiyendere m'kati.

Izi si nzeru za pashedi pokha. Mu 1921 injiniya wa ku England, A. A. Griffith, ataphunzira kaswekedwe ka galasi, anaonetsa kuti timing'alu tosaoneka ndi maso ndi timene timafooketsa chinthu, ndipo mng'alu ukafika pautali wina wake umathamanga wokha. Mu 1954 ndege ziwiri za mtundu wa Comet zinaphwasukira m'mwamba. Ofufuza anamiza thupi la ndege ina m'thanki yamadzi, kulipopa ndi kuliphwetsa kambirimbiri, mpaka linang'ambika kuyambira pangodya ya windo. Ngodya ya windo, Akonzi, monga kusukulu kwathu.

Masiku ano mainjiniya safunika kudikira kuti khoma ligwe. Pali njira yotchedwa finite element method: amajambula khoma pakompyuta n'kuligawa m'tizidutswa zikwizikwi ngati maso a ukonde. Pamene palibe vuto maso amakhala aakulu, koma kuzungulira nsonga ya mng'alu amawachepetsa ngati a ukonde wa usipa, poti ndi pomwe zinthu zikusintha mofulumira. Akaika kulemera kwa denga ndi kutitimira kwa maziko, kompyuta imawerengera mmene kachidutswa kalikonse kakukokedwera ndi kumene mng'alu ulowere. Konkire ndi njerwa zimapirira kupanikizidwa, koma kukokedwa ayi; konkire ikakokedwa mphamvu yake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene imakhala nayo ikapanikizidwa.

Sindikunena kuti kompyuta ndi sing'anga. Mukainamiza kuti njerwa zinapsa bwino pamene zimanyenyeka ndi chala, nayonso ikunamizani. Wina ayenera kubwera, kukumba, kuona dothi. Pathu pano ndi pamakande: dzinja amafufuma, chilimwe amauma n'kung'ambika mpaka phazi la mwana kulowa, ndipo maziko amavina nawo chaka ndi chaka. Komanso achikulire sitinaiwale chivomezi cha pa 10 Malichi 1989, chimene chinagwetsa nyumba zambiri m'boma lino. Khoma long'aluka kale silingapirire china chotero.

Pempho langa kwa oona za zomangamanga ndi lakuti mng'alu wa nyumba ya boma uziyezedwa ndi kulembedwa usanamatidwe. Ophunzira uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre amasaka mitu ya kafukufuku chaka chilichonse. Abwere adzatenge khoma lathuli, malo ogona tiwapezera. Pakadali pano tasuntha mabenchi a ana a Sitandade 3 kuwachotsa kukhomako, ndipo Loweruka ndikalembanso chizindikiro chachitatu.

Kholo lodandaula,
Salima