Galimoto ikatitimira muli nokha, khasu ndi jeke zimaposa moto

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzanga oyendetsa galimoto muno mu Lilongwe, makamaka achinyamata amene angotenga kumene ziphaso ndipo dzinja lino ndi loyamba kuwapeza ali pachiwongolero. Ndagwira ntchito yonyamula feteleza, mbewu ndi chimanga kwa zaka zambiri m'misewu yafumbi ya ku Mitundu, Malingunde, Kasiya ndi Nsaru, ndipo maulendo ambiri ndinkayenda ndekha chifukwa mwini galimoto sankafuna kulipira anthu awiri. Chandichititsa kulemba ndi chimene ndinaona sabata yatha m'kanjira kena ka ku Area 36, pamene mnyamata wina anawotcha kilatchi ya Probox yabwinobwino pamatope amene akanatha kuchokapo ndi khasu limodzi theka la ola lisanathe. Ndinamupeza utsi ukufuka pansi pa galimoto, matayala akutsogolo atakumba maenje ofika m'mawondo, iye akupatsabe moto ngati kuti injini ikalira kwambiri matope achita mantha.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo ife a ku Lilongwe matope athu ndi amitundu iwiri, imene dalaivala ayenera kuisiyanitsa asanalowemo. Pamtunda pali katondo, dothi lofiira lija, limene mvula ikangogwa limaterera ngati therere koma pansi pake nthawi zambiri pamakhala polimba. Galimoto ikakanika pa katondo imakhala kuti yasowa pogwira, kapena yatsetserekera mu ngalande ya m'mbali mwa msewu. M'madambo muli makande, dothi lakuda lomata, limene limang'aluka m'chilimwe koma kuyambira Januwale mpaka Malichi limakhala litakhuta madzi mpaka pansi. Makande ndiwo amameza galimoto, ndipo amanyenga chifukwa pamwamba pake pamamera udzu wobiriwira bwino. Munthu amene akulambalala chithaphwi cha pakati pa msewu n'kukwera paudzupo poganiza kuti ndi pouma, kawirikawiri ndiye amagona pomwepo, pamene mnzake amene anatsika n'kuyesa chithaphwicho ndi ndodo amapeza kuti pansi pake ndi pogangatika ndi matayala a anzake.

Chifukwa chimene kupatsa moto sikuthandiza chili mu difu, chipangizo chogawira mphamvu ya injini ku matayala awiri okoka. Chipangizo chimenechi anachiika kuti pokhota tayala lakunja lizizungulira mofulumira kuposa lamkati, koma pamatope ubwino womwewo umasanduka vuto, pakuti tayala limene lasowa pogwira ndilo limazungulira lokha, ndipo linzake limene laponda polimba limangoima osalandira mphamvu yokwanira kusuntha galimoto. Tayala lozunguliralo limadzaza mano ake ndi dothi mpaka kusalala, kenako limayamba kukumba, ndipo galimoto imatsika pang'onopang'ono mpaka mimba yake itakhala pansi. Ikafika pamenepo kulemera kwake sikulinso pamatayala, ndipo ngakhale mutathira mafuta odzaza thanki simungasunthe. Eni ake a galimoto zokoka matayala onse anayi asadzinamize, chifukwa zambiri mwa izo zikatitimira limazungulira ndi tayala limodzi kutsogolo ndi limodzi kumbuyo basi, ndipo ndaonapo eni Hilux ndi Land Cruiser zakale akulimbana ndi giya ya 4L, yamphamvu yokokera matayala onse anayi, ataiwala kutsika kukatembenuza timakiyi ta pakati pa matayala akutsogolo kuchoka pa Free kupita pa Lock.

Choncho mukangomva kuti matayala azungulira kawiri kapena katatu galimoto osasuntha, chotsani phazi, muzimitse injini, mutsike mukaone. Zungulirani galimoto yonse, mugwade, musuzumire pansi, mudziwe tayala limene likuzungulira pachabe ndi pamene galimoto yakhalira. Ganiziraninso kolowera. Nthawi zambiri njira yapafupi ndi yobwerera m'mbuyo, chifukwa kumene mwachokera mukukudziwa ndipo matayala anu akutsendera kale, pamene kutsogolo simukudziwa kuti matope athera pati. Ngati galimoto sinamire kwambiri, wongolani chiwongolero kuti matayala aloze kumodzi, muyese kuigwedeza modekha, pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, kuti ipange kanjira kake. Popita kutsogolo giya yachiwiri imachita bwino kuposa yoyamba chifukwa siizunguza matayala mwaukali. Pa galimoto yosintha yokha magiya, dikirani matayala aime musanasinthe, ndipo musapitirize nthawi yaitali chifukwa giyabokosi ikatentha mtengo wake umaposa wa kilatchi kutali. Galimoto zambiri zatsopano zili ndi batani lozimitsira chipangizo chimene chimadula mphamvu tayala likaterera, ndipo pogwedeza pamatope ndi bwino kuchizimitsa.

Kugwedeza kukakanika, ntchito ya khasu yayamba, ndipo apa ndi pamene ambiri amachita manyazi kapena ulesi. Kumbani kutsogolo kwa tayala lililonse, ndikutanthauza mbali imene mukufuna kulowera, kuti dzenje lisakhale ndi khoma koma likhale ndi chikweza chotsetsereka chotalika ngati mkono umodzi kapena iwiri. Matayala onse anayi afunika kuwakumbira, osati okoka okha, popeza tayala losakoka likatsamira khoma la dothi limagwira galimoto ngati mwala wotsekera. Mukatero chotsani dothi lonse limene lagunda difu, ekiselo ndi mimba ya galimoto, mpaka muone kuwala kuchokera mbali ina. Fosholo ndi yabwino potaya matope amadzi, koma pa makande khasu lathu lomweli ndilo limadula bwino, ndipo mpini wake wautali umakufikitsani pansi pa galimoto popanda kulowetsako mutu.

Phunziro la jeke ndinalilandira usiku wina m'dambo lina kupitirira Malingunde, ndili ndi pikiapu yodzaza matumba a feteleza. Ndinaika jeke pamatope penipeni n'kuyamba kupukusa, ndipo m'malo mokweza galimoto jekeyo ndi amene ankalowa pansi, mpaka ndinachita kumufukula ndi manja. Ndinangokhala pamatumba kudikira kuti kuche, udzudzu ukundidya. M'mawa mkulu wina wopita kudimba anandiyang'ana n'kunena kuti, “Achimwene, jeke sakhala pamatope opanda mpando,” ndipo anabwerera kwawo kukatenga chidutswa cha thabwa la chitseko chakale. Kuyambira tsiku limenelo sindiyenda popanda thabwa lochindikala, lalikulu ngati mbale yodyera nsima banja lonse. Likasowa, tayala la sipeya logonekedwa pansi limagwira ntchito yomweyo ngati malo alipo.

Kagwiritsidwe kake ndi aka. Tsekani matayala enawo ndi miyala, mukoke handibuleki, mukumbe malo a thabwa pansi pa pamene jeke amayenera kugwira, kenako mukweze mpaka tayala litatuluka m'dzenje lake. Dzenjelo mulidzaze ndi zolimba, monga miyala, zidutswa za njerwa, mchenga wa m'ngalande kapena nthambi zoduladula, mutsendere, ndipo mutsitse galimoto kuti tayala likhale pamwamba pa zimenezo. Mukatero mupite ku tayala lina. Ndi ntchito yotopetsa ndithu, ndipo tayala limodzi likhoza kukudyerani mphindi makumi awiri, koma mwa njira zonse zimene ndikudziwa iyi yokha ndi imene sinandigwiritsepo mwala, chifukwa imabwezera kulemera kwa galimoto pamatayala. Chenjezo langa ndi lakuti galimoto ili pa jeke pamatope ikhoza kugwa nthawi iliyonse, choncho miyala muziikankhira pansi pa tayala ndi mpini wa khasu, ndipo dzanja, phazi kapena mutu zisalowe kumeneko. Muli nokha, ndipo ikakupanani palibe wokuchotsani.

M'kanjira kamene mwakumba kaja yalani nthambi mopingasa, udzu wambiri, masaka opanda kanthu, ngakhale makapeti a mphira a m'galimoto momwemo, ndipo nsonga yake muilowetse pansi pa tayala kuti likangoyamba kuzungulira ligwire pomwepo. Yalani mtunda wokwanira kuti galimoto ipeze liwiro pang'ono, osati pongokwana tayala. Pano ndipemphe anzanga kuti tisamathyole chimanga cha eni ake kapena kugumula mpanda ndi uvuni wa njerwa popanda kupempha, chifukwa khalidwe limeneli ndi limene lachititsa kuti m'midzi ina dalaivala akatitimira anthu azingomuyang'ana kapena kumutchulira mtengo wokwera asanagwire n'komwe galimoto.

Chinanso chimene ambiri sachikhulupirira mpaka atachiona ndi kuphwetsako matayala. Galimoto yaing'ono timaithira mpweya wa 30 kapena 32 psi pa choyezera mpweya, koma pamatope mukautsitsa kufika cha m'ma 20 tayala limaphwatalala n'kugwira malo aakulu, ndipo silimira msanga. Musatsitse kupitirira 15, chifukwa tayala likhoza kuvuka pa limu, makamaka mukakhota mwamphamvu. Ngati mulibe choyezera, tulutsani pang'onopang'ono mpaka muone m'mbali mwa tayala mutatupa pansi. Koma njira imeneyi ndi ya munthu amene ali ndi pampu, ngakhale yopondera ndi phazi, chifukwa kuthamanga pa tala ndi tayala lophwa kumalitenthetsa mpaka kuphulika.

Za katundu muganize mofatsa. Probox ndi Sienta zambiri zimakoka ndi matayala akutsogolo, choncho katundu wa kumbuyo amangozipepula kumene zikufunika kulemera, ndipo ndi bwino kumutsitsa yense. Pikiapu ndi lole zimakoka ndi akumbuyo, ndipo pa katondo woterera pikiapu yopanda kanthu imavina, kotero matumba angapo pamwamba pa ekiselo yakumbuyo amaithandiza kugwira. Koma ikamira m'makande kulemera ndi mdani, ndipo usiku uja ndikanayamba ndi kutsitsa feteleza yense pa lona mwina ndikanagona kunyumba. Pa galimoto yokoka kumbuyo palinso kanzeru kena, kokoka handibuleki pang'ono pokha pamene mukunyamuka, kuti tayala lozungulira pachabe ligwidwe ndipo linzake lilandireko mphamvu. Pa yokoka kutsogolo zimenezi sizithandiza, zimangoonjezera vuto.

Amene amayenda m'misewu imeneyi tsiku ndi tsiku agule tcheni buloko kapena kachipangizo kokokera ndi dzanja, ndi chingwe cholimba. Pamene pali mtengo waukulu, mangani m'munsi mwa tsinde, ndipo pamene palibe, monga zimakhalira m'madambo ambiri, kumbani dzenje lofika m'chiuno, mumange chingwe pakati pa tayala la sipeya, muliimike m'dzenjemo, mudule kangalande kopapatiza koti chingwe chidutsemo molunjika galimoto, ndipo mukwirire motsendera. Chingwe chimangidwe pa ngowe imene opanga galimoto anaikira ntchito imeneyi, osati pa bampala, pa zitsulo za chiwongolero kapena pa kampira kachitsulo kokokera ngolo, chifukwa kameneka kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo. Pakati pa chingwe ponyanipo saka yonyowa kapena jekete kuti chikaduka chigwere pansi. Lamulo lomweli ligwire ntchito pamene kwabwera thirakitala, lole ina kapena ng'ombe za pangolo, ndipo ana amene amathamangira kudzaonerera muwathamangitsire kutali chingwe chisanakungike.

Nthawi yonyamuka ikakwana, nyamukani mwaulemu ngati mwanyamula mazira, ndipo galimoto ikangoyenda musaimenso mpaka mutafika pouma, ngakhale khasu ndi makapeti zitatsalira, mudzazibwerera wapansi. Ikakanika, imani msanga, musafafanize ntchito ya ola lathunthu ndi phazi limodzi laukali, ndipo mubwereze jeke.

Pali nthawi inanso imene munthu ayenera kugonja. Ngati mwatitimira pakhwawa kapena pafupi ndi mtsinje ndipo kumtunda kukuchita mdima wa mvula, tengani zofunika mukwere pamtunda, chifukwa mitsinje yathu monga Lingadzi, Likuni ndi Diamphwe imadzaza mofulumira ndi madzi a mvula imene inu simunaione. Ngati kwada ndipo mwasankha kugona m'galimoto, musasiye injini ikulira, makamaka ekizozi itamira m'matope, pakuti utsi wake umalowa mkati mosanunkha ndipo umapha munthu ali m'tulo. Imbani foni batire isanathe, muuze wina pamene muli, ndipo ngati pali mudzi pafupi pitani mukaonekere kwa a mfumu kapena mwini nyumba yoyandikira, kuti anthu adziwe kuti galimotoyo ili ndi mwini wake.

Pempho langa kwa eni sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto ndi lakuti, popeza mbali yaikulu ya misewu ya m'malokeshoni monga Mtandire, Chinsapo, Kauma ndi Area 25 ndi yadothi, apatuleko tsiku limodzi m'dzinja lotengera ophunzira pamatope ali ndi khasu, jeke ndi thabwa. Eni galimoto amene amatuma madalaivala okhaokha kumidzi awagulire zipangizo zimenezi pamodzi ndi pampu, tochi ndi chikwanje, zimene zonse pamodzi sizifika pa mtengo wa kilatchi imodzi. Ndipo ife madalaivala, tikatuluka tisamasiye maenje athu ali yasa ndi zitsa zili m'katimo, chifukwa madzi akadzazamo wakabaza kapena ambulansi yobwera pambuyo pathu sidzawaona. Kwirirani, mubweze thabwa ndi khasu kumene munabwereka, muponde buleki kangapo muli pa liwiro lochepa kuti matope ndi madzi zichoke, ndipo mupope matayala musanakwere tala.

Dalaivala wopuma,
Likuni, Lilongwe